Zilembo zopyapyala zonga zolemba pamanja: zokongola pa kompyuta, zozimirira papepala

Mayi wina amene amakonza makadi walemba motere: "Ndimakonza makadi oitanira anthu ku ukwati ndi kumaphwando, komanso timapepala tomata pa mabotolo a mafuta odzola ndi pa sopo. Ntchitoyi ndinaiyamba chaka chatha ndipo ndinaiphunzira ndekha. Ndimakonda kwambiri mafonti aja (mitundu ya zilembo za pa kompyuta) ooneka ngati munthu walemba ndi dzanja, opyapyala, a michira yopotana. Mwezi watha ndinakonza khadi la ukwati. Mawu onse ndinawalemba ndi fonti yotereyi, mtundu wa golide, papepala loyererako. Pa kompyuta linakongola moti eni ake anavomera nthawi yomweyo. Koma litasindikizidwa, timizere tina tinazimirira, zilembo zina zinaoneka zoduka, ndipo achikulire angapo analephera kuwerenga tsiku ndi malo. Ndinachita manyazi kwambiri. Kodi vuto ndi fonti, makina, kapena ine? Kodi mafonti amenewa ndingowasiya?"

Mayi, zikomo polemba, ndipo pepani ndithu. Ndikudziwa mmene mtima umawawira ntchito imene munaichezera usiku ikatuluka m'makina ili yosiyana ndi imene munaiona pa sikirini. Koma mafontiwa musawasiye. Diso lanu silinakunamizeni, ndi okongoladi, ndipo pali malo amene palibe fonti ina ingalowe m'malo mwake. Chimene chinachitika n'chakuti munaisenzetsa fontiyo katundu yense wa pakhadi, pomwe iyo inapangidwira mawu ochepa, olembedwa mokulirapo. Kuzimirira, kuduka ndi kusawerengeka, chilichonse chili ndi chifukwa chake chodziwika, ndipo zonse mungathe kuziona zikubwera musanapereke ntchito kwa wosindikiza.

Tiyambe ndi kumene kupyapyalako kunachokera, chifukwa mukakumvetsa, zambiri zidzamveka zokha. Mafonti ambiri a mtundu umenewu amatsanzira kalembedwe kamene kanafala ku England m'zaka za m'ma 1600 ndi 1700, kamene aphunzitsi a luso la kulemba ankaphunzitsa amalonda ndi makalaliki. Zitsanzo za aphunzitsiwo zinkazokotedwa pa zitsulo zosalala za mkuwa n'kusindikizidwa m'mabuku, ndipo n'chifukwa chake kalembedweka kamatchedwa Copperplate mpaka lero. Mukamuyang'anitsitsa munthu akulemba kalembedweka, mudzaona kuti cholembera chake chili ndi nsonga yosongoka, yong'ambika pakati. Dzanja likamatsika amakanikiza pang'ono, timano tiwiri ta nsongayo timatseguka, inki imatsika yambiri, mzere n'kunenepa. Dzanja likamakwera amalipepuza, timanoto timatsekeka, ndipo papepala pamatsala kamzere kopyapyala ngati tsitsi. Zilembo zonse zimapendekera mbali imodzi, pafupifupi madigiri 55 kuchokera pa mzere umene zakhalapo. Kusinthana kumeneku kwa mzere wonenepa ndi wopyapyala ndiko kumakopa diso. Ndiko kumene inu mumakonda, ndipo ndiko kumene kunakugwetsani, pakuti timizere tokwerato ndito timalumikiza chilembo ndi chinzake. Tikazimirira, mawu amatsala ali zidutswazidutswa.

Ku America kunabwera kalembedwe kena m'zaka za m'ma 1800, kotchedwa Spencerian potengera dzina la Platt Rogers Spencer, kopepuka kuposa koyambako. Logo (chizindikiro cha kampani) ya Coca-Cola ndi ya Ford zinachokera mu kalembedwe ka mtundu umenewu. Koma taziyang'anani bwino. Mizere yake ndi yonenepa kwambiri kuyerekeza ndi imene cholembera chimasiya papepala, ndipo n'chifukwa chake zimaoneka pabotolo, pagalimoto ndi pachikwangwani cha kutali. Phunziro loyamba lili pomwepo: kamzere kayenera kupirira chinthu chimene kakukhalapo.

Tsopano tione khadi lanu lija. Ndikukayikira zinthu zitatu, ndipo n'kutheka kuti zonse zinagwirizana.

Choyamba ndi kukula. Kukula kwa zilembo kumayezedwa ndi mapointi, ndipo pointi imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 72 a inchi, pafupifupi mamilimita 0.35. Koma nambala ya mapointi imene mumasankha siiyeza kutalika kwa chilembo ngati a, e kapena n. Imayeza malo onse amene fontiyo imafuna, kuphatikizapo mitu yaitali ya zilembo monga l ndi h, ndi michira yotsika ya g ndi y. Mu mafonti onga a pamanja mitu ndi michirayi imatenga malo ambiri, choncho thupi la chilembo limatsala laling'ono zedi. Yesani nokha: lembani dzina limodzi ndi Times New Roman pa mapointi 12, kenaka lomwelo ndi Edwardian Script pa mapointi 12 omwewo, musindikize. Lachiwirilo lidzaoneka ngati lafota. Ndipo chilembo chikachepa, kamzere kake kopyapyala kamachepa nacho limodzi. Osindikiza ambiri amalangiza kuti mzere usachepere kotala ya pointi, imene siikwana n'komwe gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita. Fonti yopyapyala ikalembedwa pa mapointi 10 kapena 11, timizere take tambiri timakhala titatsika kale pansi pa malire amenewo. Pa sikirini simungazione, chifukwa mumakulitsa tsamba mmene mukufunira, ndipo sikirini imawala yokha. Pepala siliwala.

Ine pa ntchito yanga, fonti ya mizere yopyapyala kwambiri sindikonda kuitsitsa pansi pa mapointi 18, ndipo maina a eni mwambo ndimawaika pakati pa 30 ndi 40 malinga ndi kukula kwa khadi. Limeneli si lamulo, fonti iliyonse ili ndi msinkhu wake. Njira yodalirika ndi kuyeza. Jambulani mzere wa kotala ya pointi pambali pa mawu anu, kulitsani tsamba kwambiri, muyerekeze ndi kamzere kochepetsetsa m'chilembo. Ngati ka m'chilembo ndi kochepa kuposa mwajambulako, kulitsani mawu kapena sinthani fonti.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene ndikukhulupirira kuti vuto lalikulu linagona, ndi golide uja. Makina wamba osindikizira alibe inki ya golide. Ali ndi mitundu inayi imene timaitchula CMYK: wabuluu wowala, wofiirira ngati pinki, wachikasu ndi wakuda. Mukawapempha golide, amamuyerekeza pothira timadontho ting'onoting'ono ta chikasu, tosakanikirana ndi tina tochepa ta mitundu inayo. Pamalo aakulu diso limaphatikiza timadonthoto n'kuona mtundu umodzi. Koma ganizirani kamzere kopyapyala. Pa makina amene amaika mizere ya timadontho 150 pa inchi, kuchoka pa kadontho kena kufika pa kanzake pali pafupifupi mamilimita 0.17. Kamzere kanu ndi kochepa kuposa mpata umenewo. Ndiye kamzereko pena kamagwera pa kadontho, pena kamagwera pamalo opanda kanthu, ndipo kamatuluka kali kodukaduka ngati mkanda wotayika. Mukatenga galasi lokulitsa zinthu n'kuyang'ana khadi lanu pansi pa nyali, mudzaona zimenezi ndi maso anu: pamene mumayembekeza mzere wosalala padzakhala timadontho totayana. Onjezerani kuti golide woyerekezayo ndi mtundu wotuwa kale, ndipo ali papepala loyererako, ndiye kuti ngakhale zimene zasindikizika sizisiyana mokwanira ndi pepala.

Mankhwala ake ndi osavuta. Zilembo zopyapyala muzizipatsa inki imodzi yodzaza, yakuda bii, kapena mtundu wina wakuda kwambiri umene sufuna timadontho totalikirana. Ngati eni ntchito akufunadi golide, golide weniweni pakhadi amabwera ndi njira ina: kapepala konyezimira kamene kamadindidwa ndi chitsulo chotentha, kapena inki yapadera yachitsulo imene osindikiza ena ali nayo. Nayonso njira ya chitsulo chotenthayi ili ndi malire ake, timizere tochepetsetsa sitigwira bwino ndipo timabowo ta zilembo monga e ndi o timatha kutsekeka, choncho funsani wodindayo mzere wochepetsetsa umene amautha. Golide woyerekeza uja musungireni zokongoletsa zokulirapo, monga mpendero wa khadi kapena duwa la pakona, kumene timadontho tili ndi malo okwanira.

Pali msampha wina wapachibale ndi umenewu umene ndikufuna muudziwe usanakugwireni: zilembo zoyera pamalo akuda. Ine unandigwira m'zaka zanga zoyamba. Ndinakonza timapepala tomata pa makandulo, dzina loyera lopotana pa buluu wakuda. Buluuyo ankapangidwa ndi inki zitatu zosanjikizana. Zitabwera, michira ya zilembo inali itamezedwa, ndipo m'mphepete mwa zotsalazo munali kamthunzi ka pinki. Chifukwa chake n'chakuti zoyerazo si inki, ndi pepala losiyidwa. Inki yozungulira imafalikira pang'ono n'kulowerera m'kanjira kopapatizako, ndipo mtundu umodzi ukangosuntha pang'ono kwambiri kusiyana ndi unzake, kanjirako kamatsekeka. Kuyambira tsiku limenelo, zoyera pa zakuda ndimazipatsa mzere wosachepera theka la pointi, ndipo ndimasankha fonti yonenepako.

Chachitatu ndi pepala. Pepala losalala, lokutidwa, limasunga inki pamwamba ndipo mzere umatuluka wakuthwa. Pepala losakutidwa limamwa inki, mzere n'kufalikira pang'ono. Pepala la timizeremizere kapena lokhakhala, limene anthu ambiri amalikonda pa makadi chifukwa limakoma kuligwira, ndilo lovuta kwambiri pa makina osindikiza ndi tona, ufa umene umagwira ntchito m'malo mwa inki, pakuti ufawo sufika bwino m'timaenje take ndipo kamzere kamadumphadumpha. Musasankhe pepala ndi dzanja lokha. Sindikizanipo kaye mawu anuwo.

Komabe tinene kuti zonse zasindikizika bwino, palibe kamzere kamene kazimirira. Achikulire aja akanavutikabe, ndipo pano mpamene ndikufuna tikhalitse. Munthu akatenga khadi amachita zinthu ziwiri. Poyamba amangoliyang'ana n'kumva kuti ichi ndi chinthu chaulemu, chokonzedwa ndi mtima. Kenaka amafufuza: ndi liti, ndi kuti, nthawi yanji, ndiyankhe kwa ndani. Fonti yonga ya pamanja imatha ntchito yoyambayo mwaluso. Yachiwiriyo siitha. Zilembo zake ndi zopendekera, zolumikizana, ndipo zambiri zimafanana: m, n, u, i ndi w zikatsatana zimangokhala mafundemafunde. Manambala ndiwo oopsa kwambiri, 1 ndi 7 amatha kusokonezeka, 3, 5 ndi 8 chimodzimodzi, makamaka akapatsidwa michira. Liwu lodziwika munthu amatha kulilota ngakhale chilembo chimodzi chitasowa. Tsiku ndi nambala ya foni sizilotedwa. Ndipo maso akamakula amafuna kuwala kochuluka ndi kusiyana kooneka bwino pakati pa chilembo ndi pepala, choncho chimene inu mukuwerenga mosavuta, agogo amene akuitanidwa akhoza kungoona chizimezime.

Ndiye gawani ntchito. Maina a eni mwambo, kapena mawu awiri atatu a pamutu, alembedwe ndi fonti yopotanayo, akulu, okhala ndi malo opumira mozungulira. Tsiku, nthawi, malo ndi manambala zipite ku fonti wamba yowerengeka. Mafonti akale monga Garamond, Baskerville kapena Caslon amayenda bwino ndi kalembedwe ka Copperplate, chifukwa nawonso ali ndi mizere yonenepa ndi yopyapyala ndipo saphokosera. Ngati mukufuna maonekedwe amakono, fonti yopanda zokongoletsa monga Lato kapena Montserrat, yaing'ono, imapangitsa yopotanayo kuoneka kwambiri. Mudzadabwa kuona kuti khadi lokhala ndi mzere umodzi wokha wopotana limaoneka lapamwamba kuposa lodzaza ndi michira paliponse. Pamene zonse zikuvina, diso limasowa poyambira. Ndipo mafonti awiri opotana patsamba limodzi ndimakuletsani ndi mtima wonse, amalimbirana malo ngati anthu awiri olankhula nthawi imodzi.

Pali zinthu zitatu zimene kompyuta imakulolani kuchita koma fonti yotereyi siizilola. Musalembe liwu lonse ndi zilembo zazikulu. Zilembo zazikulu za mafontiwa anazikonzera kuima patsogolo pa liwu, chimodzi chokha, zazing'ono n'kutsatira. Mukazindandalika, michira imakolana ndipo liwu limasanduka chingwe chopiringizika. Musawonjezere mpata pakati pa zilembo, chifukwa mlengi wa fonti anayeza kuti kamchira ka chilembo china kagwere ndendende poyambira chinzake. Mukatambasula mpata, zilumikizo zimaduka, ndipo mwina zina mwa "zoduka" zimene munaziona pakhadi lanu zinachokera apa. Ndipo musadine batani lonenepetsa zilembo ngati fontiyo ilibe mtundu wake wonenepa. Pulogalamu imangopaka mnofu mozungulira chilembo chonse, timabowo timatsekeka, kukongola kuja n'kutha. Ngati mukufuna yonenepako, sankhani fonti imene mwini wake anaijambula yonenepa. Snell Roundhand, mwachitsanzo, ili ndi mitundu yake yonenepa yojambulidwa mwadala.

Koma pali chuma china chimene ambiri odziphunzitsa okha sachidziwa. Mafonti abwino a mtundu wa OpenType amabisa zilembo zambiri zowonjezera. Munthu akamalemba ndi dzanja, e wa pakati pa liwu safanana ndi e wa kumapeto, ndipo zilembo ziwiri zofanana zikatsatana sizituluka ngati mapasa. Fonti yabwino imatsanzira zimenezi: imasintha chilembo malinga ndi oyandikana nacho, imaphatikiza zina ziwiri kukhala chimodzi, ndipo ili ndi michira yapadera ya koyambira ndi kumapeto kwa liwu. Mu Microsoft Word zimenezi mudzazipeza pa zosankha za Font, pa tsamba la Advanced, pamene pali Ligatures, Stylistic sets ndi Contextual Alternates. Mu mapulogalamu okonzera zosindikiza a Illustrator ndi InDesign tsegulani Glyphs muone zonse zimene fontiyo ili nazo. Zapfino, imene Hermann Zapf anajambula ndipo inatuluka mu 1998, ndi chitsanzo chodziwika cha fonti yokhala ndi maonekedwe angapo pa chilembo chimodzi. Bickham Script ya Richard Lipton, imene Adobe inatulutsa mu 1997, nayonso ndi yolemera ndi zilembo zosinthasintha. Chenjezo langa n'lakuti michira yaitali ikhale iwiri kapena itatu patsamba lonse: umodzi pa chilembo choyamba, wina pa chomaliza. Ndipo onetsetsani kuti mchira wotsika wa mzere wa pamwamba sukugundana ndi mutu wa chilembo cha mzere wa pansi. Mafontiwa amafuna mpata wokulirapo pakati pa mizere.

Musanaikonde fonti, iyeseni ndi mawu enieni amene mudzalemba. Zitsanzo zimene ogulitsa amaonetsa amazisankha dala kuti zikongole. Lembani maina enieniwo, muone ngati fontiyo ili ndi zilembo zokhala ndi tizizindikiro pamwamba monga ŵ kapena é. Mafonti ambiri otchipa alibe, ndipo pulogalamu imangobwereka chilembocho ku fonti ina mwakachetechete, pakati pa dzina lopotana n'kutulukira chilembo choimirira chachilendo. Yang'ananinso mawu okhala ndi kachizindikiro kodula monga mu ng'oma kapena m'mawa. Pamenepo chilumikizo chimatha kudutsa pansi pa kachizindikiroko mosalongosoka, kapena mpata umakula n'kuoneka ngati mawu awiri. Zikatero konzani pamanja malo amodziwo. Dzina la munthu likalakwika pakhadi, palibe kukongola kumene kungalipire.

Za mafonti oyambira nawo, ndikupatsani maganizo anga. Snell Roundhand, imene Matthew Carter anajambula m'zaka za m'ma 1960 potsatira dzanja la mphunzitsi wa kulemba wa ku England, Charles Snell, ndiyo ndimaikhulupirira ndikafuna ulemu ndi kuwerengeka pamodzi, chifukwa michira yake ndi yodziletsa. Edwardian Script ya Ed Benguiat, ya 1994, ndi yokongola koma yopyapyala zedi, imafuna kukula. Pa tsamba la pa intaneti la Google Fonts pali ena aulere: Pinyon Script ili ndi kusiyana kwakukulu pakati pa mizere yonenepa ndi yopyapyala, choncho ipatseni malo aakulu. Great Vibes, Allura ndi Alex Brush zimawerengeka mosavutirapo. Sacramento ndi ya mtundu wina, mzere wake ndi wofanana makulidwe kuyambira poyamba mpaka pomaliza, yoyenera zinthu zachisangalalo kuposa zaulemu waukulu. Kusiyana kumeneku n'kofunika. Kalembedwe ka Copperplate kamalankhula ngati munthu wovala za pamwambo, pomwe mafonti ooneka ngati siginecha kapena cholembera cha masiku onse amalankhula ngati bwenzi. Dzifunseni kuti mwini ntchito akufuna kumveka bwanji.

Pa timapepala tanu ta mafuta odzola ndi sopo, mfundo ndi yomweyo koma ndi yolimba kwambiri. Wogula amaona botolo ali chapatali, mwina akudutsa. Dzina la katundu likhoza kukhala lopotana ngati ndi lalifupi ndi lonenepako. Zosakaniza, kagwiritsidwe ntchito, kulemera kwake, tsiku lotha mphamvu ndi machenjezo, zonsezi zikhale mu fonti wamba, popanda kunyengerera. Munthu amene khungu lake limadana ndi chinthu china amadalira kamzere kameneko, ndipo mayiko ambiri ali ndi malamulo ofuna kuti zolemba zotere zizioneka bwino. Kumbukiraninso kuti botolo ndi lozungulira, limanyowa, limagwidwa ndi manja a mafuta. Kamzere kopyapyala ndiko kamayamba kufufutika.

Ngati khadi likutumizidwa pa foni, vuto limabwera ndi nkhope ina. Sikirini imapangidwa ndi timadontho, ndipo kamzere kochepa kuposa kadontho kamodzi kamangotuwa. Chithunzi chikatumizidwa pa WhatsApp mwa njira wamba chimapanikizidwa kuti chipepuke, ndipo zoyamba kuwonongeka ndi timizere tosalimba. Sungani ngati PNG kapena PDF, tumizani ngati chikalata, ndipo dzitumizireni kaye nokha muone pa foni yaing'ono, panja dzuwa likuwala. Pa masamba a pa intaneti pali malangizo otchedwa WCAG, amene amafuna kuti mawu wamba asiyane ndi mtundu wa kumbuyo kwake ndi mlingo wosachepera 4.5 kwa 1. Pali zida zaulere zoyezera zimenezi. Ikanimo golide wanu ndi mtundu wa pepala lija, mudzaona kuti zinali kutali ndi mlingowo. Komabe dziwani kuti mlingowu umayeza mitundu yokha, suyeza kupyapyala, choncho pa mafontiwa ndi bwino kuupitirira.

Tsiku lina wina adzakupemphani kuti dzina lomwelo lipetedwe pansalu, lidulidwe pa pulasitiki yomata pagalasi, kapena likhale chidindo. Ulusi uli ndi makulidwe ake, sungapyapyale kuposa pamenepo. Mpeni wa makina odulira umang'amba timizere tating'ono pochotsa zotsalira. Pa ntchito zotere, zilembo zimafuna kukonzedwanso, timizere topyapyala tinenepetsedwe patokha popanda kukhudza tonenepa kale.

Pali nkhani ya chilolezo, ndipo popeza mukugulitsa ntchito yanu, ikukukhudzani. Mafonti ambiri opotana amene amapezeka "aulere" pa intaneti ndi aulere pa ntchito za inu nokha, osati za malonda. Werengani kafayilo ka laisensi kamene kamabwera ndi fontiyo. Ambiri a pa Google Fonts ali pansi pa SIL Open Font License, imene imalola ntchito za malonda. Mukagula fonti, onani ngati chilolezocho chikukhudza logo, katundu wogulitsa kapena tsamba la pa intaneti, pakuti ogulitsa ena amazilekanitsa. Kujambula fonti yolumikizana bwino ndi ntchito yaitali, chilembo chilichonse chiyenera kugwirana ndi china chilichonse, ndipo mlengi wake ayenera kulandira zake.

Popereka ntchito kwa wosindikiza, perekani PDF yokhala ndi mafonti mkati mwake, kapena sandutsani zilembozo kukhala zojambula za mizere, zimene amati outlines, zomwe sizidaliranso fonti. Mukapereka fayilo ya Word, kompyuta yawo ikakhala ilibe fontiyo idzaika ina. Mukasandutsa kukhala zojambula, sungani fayilo ina yosinthika, ndipo ngati ntchitoyo ikupita ku makina odulira, phatikizani zilembo zolumikizanazo kukhala chinthu chimodzi, apo ayi mpeni udzadula polumikizira paliponse. Musapereke mawu opyapyala ngati chithunzi cha JPEG.

Nanga ndi liti pamene muyenera kufuna thandizo? Nthawi iliyonse pamene mukugwiritsa ntchito njira kapena pepala limene simunaligwiritsepo, lankhulani ndi wosindikiza musanamalize kukonza, osati mutamaliza. Mufunseni mzere wochepetsetsa umene makina ake amatulutsa bwino, ndipo mupemphe chitsanzo chimodzi chosindikizidwa papepala lenilenilo. Wosindikiza amene akukana kukupatsani chitsanzo pa ntchito yaikulu, ganizirani kawiri. Eni ntchito avomereze chitsanzo cha papepalacho, osati cha pa sikirini. Ngati mukupanga logo imene idzakhale zaka zambiri, kapena fonti ikukana kulumikiza bwino dzina linalake, pitani kwa katswiri wojambula zilembo pamanja. Iye adzajambula dzinalo mwapadera, ndipo adzakupatsani mtundu wopyapyala wa pamalo aakulu ndi wonenepako wa pamalo aang'ono. Pa zolemba za pa mafuta odzola, funsani bungwe loona za miyezo ya katundu m'dziko limene mukugulitsamo kuti likuuzeni zofunika.

Khadi lija musalitaye. Tsegulani fayilo yake sabata ino, musiye maina awiri okha mu fonti yopotanayo pa mapointi 34 kapena kupitirirapo, mu inki yakuda yodzaza. Tsiku, nthawi ndi malo muzilembe ndi Garamond pa mapointi 11 kapena 12. Sindikizani papepala lomwe lija, muike latsopano pambali pa lakale, n'kupereka onse awiri kwa munthu wachikulire amene sanawaonepo. Musamufunse ngati ndi okongola. Mufunseni kuti mwambowo uli liti ndipo uli kuti, n'kuona kuti watenga nthawi yaitali bwanji pa khadi lililonse.